Tasonkha ndalama zothandizira ogona panja ku Limbe, koma tidziwa bwanji kuti bungweli si la m'chikwama?

"Zikomo bambo, ine ndili ku Joni kuno, ku Johannesburg, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Tili ndi kagulu ka azimayi akumudzi, timakumana Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndiye tinagwirizana kuti chaka chino kuzizira kwa June kusanafike tithandizeko anthu ogona m'makhonde a mashopu ku Limbe, makamaka ana. Pa Facebook tinaona bungwe lina limene limaponya zithunzi likugawa mabulangete ndi phala usiku, akuti alinso ndi nyumba yogonamo ana 40. Tasonkha R9,000. Nditawalembera anayankha mwachangu, ananditumizira chithunzi cha setifiketi komanso nambala ya Airtel Money ya dzina la munthu, akuti ndi dayirekita wawo, ndipo tsiku ndi tsiku akumandifunsa kuti mutumiza liti ana akugona ndi njala. Ndalamazo ndikusunga ndine nde mtima sukukhazikika. Ndingadziwe bwanji kuti ndi enieni? Sindikufunanso kunamizira anthu osalakwa."

Mayi, khazikani mtima pansi, simunalakwire munthu pokayikira, ndipo ndalamazo zikhale kaye m'manja mwanu momwemo. Ngati anawo alipodi ndipo amadya kumeneko ndiye kuti anadya dzulo ndi dzana inu musanalidziwe n'komwe bungwelo, sangafe chifukwa mwatenga masabata awiri kufunsafunsa. Ndipo sindikuti anthuwa ndi akuba ayi, sindikuwadziwa. Nambala ya munthu ija ndi kukakamiza kuja zikundikayikitsa, koma ndakumanapo ndi anthu achilungamo ndithu amene amachita zomwezo chifukwa chosadziwa kayendetsedwe ka zinthu. Nde tiyeni tione chimodzichimodzi.

Ine ntchitoyi ndinayambira pansi, kuyenda usiku ndi anzanga m'misewu ya Blantyre kucheza ndi ana ogona panja, kenako ndinadzakhala mbali ya anthu amene amatumidwa kukayendera timabungwe tisanapatsidwe thandizo. Chimene ndinaphunzira kumeneko n'chakuti pepala limangokuuzani kuti bungwe linabadwa, silikuuzani ngati likugwira ntchito kapena ngati ndalama zimafika pa mbale ya mwana. Komabe tiyambire pa pepala pomwepo poti ndi limene akupatsani.

Chithunzi cha setifiketicho chikulitseni pa foni muwerenge kuti chinachokera ku ofesi iti. Mapepala ambiri amene anthu amaonetsa ndi a kwa Registrar General, ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi mabizinesi, ndipo kumeneko kumatuluka mitundu ingapo. Ena amalembetsa ngati matrasti, dzina lawo limayamba ndi mawu akuti Registered Trustees, ena ngati kampani yosapanga phindu, koma ena amangolembetsa dzina la bizinesi ngati mmene angachitire wa golosale kapena wa saluni, n'kumaonetsa pepala limenelo kuti ndife bungwe lovomerezeka ndi boma. Munthu wosazolowera akangoona chizindikiro cha boma ndi chidindo basi wakhulupirira. Bungwe limene likudzitcha NGO liyenera kukhalanso lolembetsedwa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, amene kale ankatchedwa NGO Board lamulo la mabungwe la 2001 lisanasinthidwe mu 2022. Ofesi yawo ili ku Lilongwe, ndipo kulembetsa kamodzi si kuthera pomwepo, bungwe limayenera kumapereka lipoti la ntchito ndi la ndalama chaka ndi chaka kuti likhale ndi layisensi ya chaka chimenecho. Nde inu musafunse kuti "kodi munalembetsa", aliyense ayankha kuti eya. Funsani kuti nditumizireni layisensi ya chaka chino ndi nambala yanu, kenako inuyo mufunse a NGORA kudzera pa nambala kapena imelo imene mwaipeza nokha pa intaneti, osati imene akupatsani abungwewo. Ndikutsindika pamenepa chifukwa akamberembere ena amakupatsa nambala ya mnzawo kuti uyu ndi wa ku boma mufunseni, mnzakeyo n'kukuuza kuti aaa amenewo timawadziwa ndi anthu abwino kwambiri. Mukhozanso kufunsa ku CONGOMA, bungwe limene limasonkhanitsa mabungwe omwe si aboma, ngati dzinalo analimvapo.

Onetsetsaninso kalembedwe ka dzina. Njira yakalekale ndi yotenga dzina la bungwe lodziwika n'kusinthako liwu limodzi, kapena kutenga setifiketi ya eni ake enieni n'kuisintha pa kompyuta. Dzina la pa setifiketi, la pa Facebook ndi la pa akaunti ya ku banki zikhale zofanana ndendende.

Tsopano nkhani ya ana 40 ija ndi ina payokha, ndipo kwa ine ndi yaikulu kuposa R9,000 yanuyo. Kugawa phala pa msewu ndi china, kusunga ana a eni m'nyumba usiku ndi chinanso. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 sililola munthu kungotsegula nyumba yosungiramo ana chifukwa choti ali ndi mtima wabwino, pamafunika chilolezo chochokera ku unduna woona za chisamaliro cha anthu, ndipo a Social Welfare a m'bomalo amayenera kudziwa mwana aliyense amene ali mmenemo, anachokera kuti, anabwera bwanji. Ku Blantyre kulibe nyumba ya ana 40 yoyenda bwino imene ofesi ya Social Welfare ingakhale yosaidziwa. Akakuuzani kumeneko kuti sitinamvepo, pali zinthu ziwiri, mwina nyumbayo kulibe ndipo angofuna ndalama zanu, kapena ilipo koma ikusunga ana mobisa, ndipo chachiwirichi ndi choopsa kuposa choyamba.

Za nambala ya Airtel Money. Bungwe lolembetsedwa limatha kutsegula akaunti ku banki m'dzina la bungwe, ndipo kawirikawiri a banki amafuna malamulo a bungwelo, mayina a akuluakulu ake, ndi anthu osachepera awiri osayinira kuti ndalama ituluke. Ubwino wake ndi womwewo, munthu mmodzi sangadzuke m'mawa n'kukatapa yekha. Ndalama ikalowa pa foni ya dayirekita imasakanikirana ndi ya ndiwo za kunyumba kwake ndi fizi ya ana ake, olo atakhala woopa Mulungu chotani tsiku lina mwana adzadwala adzabwerekako, ndipo palibe amene adzadziwe. Auzeni mwaulemu kuti gulu lathu linagwirizana zotumiza ku akaunti ya bungwe basi. Mumvetsere mmene ayankhire. Wachilungamo amakupatsani akauntiyo, kapena amavomera poyera kuti tilibe ndife ochepa, sitinafike pamenepo. Winayo amayamba nkhani, akaunti ili ndi vuto panopa, a banki amadula zambiri, msungichuma wapita ku maliro, kenako amakwiya n'kukuuzani kuti ngati simukutikhulupirira siyani Mulungu atumiza ena. Kukwiya pa funso la ndalama ine ndimakutenga ngati yankho.

Tsamba lawo la Facebook lija mulifufuzenso muli pomwepo. Pa tsamba lililonse pali malo oonetsa tsiku limene linatsegulidwa komanso mayina amene linasinthapo, nthawi zina mumapeza kuti chaka chatha linali logulitsa nsapato za kaunjika. Zithunzizo tengani ziwiri zitatu muziike pa Google Lens muone ngati sizinatulukepo kwina, ndaonapo zithunzi za ku mayiko ena zikulembedwa kuti ndi pa Limbe, chonsecho zikwangwani za kumbuyo zili m'chilankhulo china ndipo ndi ma minibasi omwe si akwathu. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi kwina mu March 2023, anthu oposa 500,000 atasowa pokhala, masamba opempha thandizo anabadwa ambirimbiri, ena anagwira ntchito yotamandika limodzi ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi makhonsolo m'makampu, ena anangodya n'kuzimiririka, ndipo zithunzi za nthawi imeneyo zikuzungulirabe mpaka lero ngati zachitika dzulo.

Koma zonse ndanenazi ndi zapatali. Chimene chimathetsa nkhani ndi phazi. Muli azimayi angapo pagulupo, sizingatheke kuti nonse mulibe mchimwene, mlamu kapena mwana wa achemwali ku Blantyre, ku Bangwe, ku Ndirande, ku Machinjiri. Pa R9,000 ija patulanipo kandalama ka minibasi ndi ka fanta, mutume munthu wamkulu wamaso, makamaka mzimayi chifukwa amaona za kukhitchini zimene ife abambo timazidumpha. Abungwewo muwafunse malo enieni amene nyumbayo ili, muwauze kuti wachibale wathu adzadutsa tsiku lina sabata ino kapena ya mawa, tsiku lenileni musatchule.

Ndikuuzeni chifukwa chake. Ulendo wina ndinatumidwa kukayendera nyumba ina yotere kunja kwa tawuni, ndipo ndinalakwitsa ndekha, ndinawauza tsiku ndi ola. Ndinalandiridwa ngati nduna, ana atandandalikidwa pabwalo akuimba nyimbo yondilandira, mipando yabwereka ku tchalitchi, abambo oyendetsa malowo atavala jekete. Anandionetsa chipinda chogona, matilesi atayalidwa bwinobwino, ena akadali m'mapepala a pulasitiki a ku shopu. Ndinatsala pang'ono kulemba lipoti labwino. Chinanditsegula maso ndi chimbudzi, ndinapempha kuti ndikadzithandize nde kanjira kopita kumeneko kanali kamera udzu, ana makumi atatu akamapita ku chimbudzi chimodzi tsiku lililonse njira imakhala yoyera ngati ya kuchigayo. Pobwerera ndinadzera kukhitchini, mafuwa alipo koma phulusa lake ndi la moto wa tsiku lomwelo basi, khoma losada ndi utsi, mphika waukulu uja kunsi kwake kukuwala. Pa chingwe panalibe kabudula olo mmodzi woyanikidwa. Ndinagwada n'kufunsa kamnyamata kena kuti iwe umagona pa matilesi ati, kanandiyang'ana kenako kanaloza kuseri kwa mpanda kuti ine kwathu ndi uko. Anali ana a m'mudzi momwemo, anawaitana kuti kubwera alendo kukhala masikono. Chikomekome cha mkuyu chija.

Nde wotumidwayo asakaone za nyimbo. Akaone utsi pa khoma, zovala pa chingwe, mbale zakutha, fungo la malo amene mumagona anthu, akapemphe kuona kaundula wa mayina ndi kope limene amalembamo zogula. Ndipo asanalowe pa geti ayambe wacheza ndi mayi wogulitsa tomato pafupipo, wa kabaza pa siteji, a mfumu kapena a bulokulida a dera limenelo, angofunsa ngati mlendo wosochera kuti paja nyumba yosunga ana ili pati kuno. Malo enieni aliyense amakulozera, ndi ana omwe. Ngati akuti amagawa phala usiku ku Limbe, alonda a m'mashopu ndi mavenda amadziwa tsiku ndi galimoto imene imabwera, ndipo ogona panjawo ndi amene amadziwa kuposa tonse, amakuuza mosabisa kuti awo amabwera Lachitatu lililonse, awo anabwera kamodzi anatijambula ndi bulangete m'manja basi sitinawaonenso. Chenjezo limodzi, akapeza kuti sakumulola kungolowa n'kuyamba kujambula ana kapena kukhala nawo payekha asakhumudwe, chimenecho ndi chizindikiro chabwino, malo osamala ana amatero. Amene amalola mlendo aliyense kulowa mpaka kuchipinda ndi foni m'manja ndi amene ine amandiopsa, chimodzimodzi amene amaponya nkhope za ana pa Facebook ndi mayina awo ndi matenda awo omwe.

Inunso pa foni muwafunse funso limene ochita zachinyengo sakhala atalikonzekera, loti anawa mathero ake ndi otani. Ambiri mwa ana amene ndinakumana nawo m'misewu si amasiye opanda aliyense, ali ndi mayi, agogo kapena amalume kwinakwake, anathawa njala, nkhanza za bambo owapeza, kapena amatumidwa kukapempha n'kumabwerera kunyumba. Nde ntchito yeniyeni imakhala yotopetsa komanso yosajambulika, kufufuza kwawo kwa mwana, kukambirana ndi achibale, kumubwezera ku sukulu, kumuyendera, iye kuthawanso, inu kuyambiranso. Mabungwe amene akhalitsa pa ntchitoyi monga Chisomo Children's Club, Samaritan Trust ku Blantyre kapena Tikondane ku Lilongwe amadziwika ndi ntchito ya mtundu umenewu. Munthu amene akuchitadi zimenezi mukamufunsa amadandaula, amakuuzani za amene anabwerera ku msewu, za amene anakanidwa ndi abale ake. Amene nkhani zake zonse ndi zopambana zokhazokha ndipo chaka ndi chaka nambala ya ana ikungokwera popanda wobwerera kwawo, ameneyo ana ndi katundu wake wopemphera.

Pena anthu amandidabwa ndikanena izi, koma ine bungwe likandiuza kuti tambala iliyonse imapita kwa osauka sitidyapo kanthu, ndimayamba kukayika. Lendi amalipira ndi chani, wophika ndi mlonda amadya chani, mafuta a galimoto? Kulipira antchito si kuba. Kuba ndi kubisa. Wokuuzani kuti pa ndalama mwatipatsa yakuti ipita ku ufa, yakuti ku nkhuni, yakuti kwa mayi wophika, ameneyo ndi amene ndingamukhulupirire.

Mbali ina ija munanena yoti simukufuna kunamizira osalakwa, ndiyoona ndipo ndikuyamikani. Kulembetsa NGO kumafuna ndalama ndi maulendo, nde pali anthu ambiri m'makwalalamu amene akugwira ntchito yabwino alibe pepala la NGORA, ena analembetsa ku khonsolo ngati CBO, ndiye kuti kabungwe ka m'dera, ena ndi kagulu ka pa tchalitchi kapena pa mzikiti chabe. Ndikukumbuka mayi wina wachikulire amene ankaphika phala la ana ogona pafupi ndi msika, analibe setifiketi olo imodzi, chikwangwani analibe, koma nditamufunsa za ndalama analowa m'nyumba n'kutulutsa kope la ana asukulu lomangidwa ndi mphira, m'menemo analemba chilichonse ndi bolopeni, shuga wa tsiku lakuti, amene anapereka thumba la chimanga, ngakhale tsiku limene anabwerekapo yokwerera kupita ku chipatala ndi tsiku limene anabweza. Mabungwe ena a maofesi a makapeti sanandionetsepo chinthu choyera chotero. Nde mukapeza kuti anthu anuwo ndi a mtundu umenewu, ochepa, osalembetsa koma odziwika kwa mfumu, kwa abusa kapena shehe ndi kwa a Social Welfare, mukhoza kuwathandiza ndithu. Vuto limakhalapo ngati ananama, kudzitcha NGO ali osalembetsa, kunena ana 40 pali ana 6. Wonama pa nambala ya ana adzanamanso pa malisiti.

Zonse zikayenda bwino musatumize R9,000 yonse kamodzi. Yambani ndi gawo, mugwirizane polemba pa WhatsApp pomwepo kuti igula chani, aonetse malisiti, wachibale uja akaone, kenako mutumize ina. Kapena njira imene ine ndimaikonda pa magulu ngati anu, tumizani pa Mukuru kwa munthu wanu, akagule yekha mabulangete, ufa, sopo ku Limbe komweko akapereke pamanja asayinirane. Amene akufunadi mabulangete amasangalala. Amene ayamba kuti ayi katundu tili naye tikufuna kashi, chonsecho dzulo amati ana akugona ndi njala, mwamugwira. Zikapanda kuyenda, ndalamazo sizinawonongeke, funsani a Social Welfare kuti ndani akugwira ntchito yooneka ku Limbe, kapena perekani kudzera ku mpingo wanu wa kumudzi umene muli ndi anthu oti mukhoza kuwafunsa.

Poti muli ku Joni ndionjezepo kakang'ono. Mwina tsiku lina mudzafuna kuthandiza kapena kutumiza m'bale wathu amene wasowa pogona konko, poti alipo ambiri amene ntchito inatha lendi n'kuwakanika. Ku South Africa mabungwe otere amakhala ndi nambala ya NPO, yosonyeza kuti analembetsa ngati bungwe losapanga phindu, yochokera ku Department of Social Development ndipo mukhoza kuifufuza pa intaneti, anzathu a ku England amayang'ana nambala ku Charity Commission, a ku Scotland ku OSCR. Malo ena enieni ogona amalipiritsa kandalama kochepa pa usiku, zimenezo zisakudabwitseni. Koma aliyense wouza munthu wosowa pokhala kuti tisungire pasipoti yako, kapena lipira kaye kuti tikupezere nyumba ndi ntchito kwinakwake, m'baleyo achokepo msanga, ndi mmene ozembetsa anthu amayambira.

Ngati pali wina pagulu lanu amene anatumizako kale payekha, asafufute kalikonse, asunge mameseji, zithunzi, nambala ya foni ija ndi nambala ya chitsimikizo imene imabwera ukatumiza ndalama. Zikaoneka kuti ndi chinyengo wachibale apite nazo ku polisi, ali ndi nthambi yoona za kuba ndalama mwachinyengo imene anthu amangoti a Fiscal, adziwitsenso a kampani ya foni za nambalayo ndi a NGORA ngati akugwiritsa ntchito dzina la NGO. Sindikulonjezani kuti ndalama idzabwerera, kawirikawiri ikatapidwa kwa ejenti yapita, koma mumatchinjiriza gulu lina la azimayi limene likanagwa m'dzenje lomwelo. Musathamangire kuwayalutsa pa Facebook musanakhale ndi umboni, mlandu ungakutembenukireni. Koma wotumidwa uja akakapeza ana otsekeredwa, omenyedwa, osapita ku sukulu, anyamata ndi atsikana akuluakulu ogona chipinda chimodzi, kapena ana akutumidwa kukapempha mtawuni ndalama n'kumapereka kwa mwini nyumba, pamenepo palibe zodikira gulu likumane Lamulungu, aimbe 116 tsiku lomwelo, ndi nambala yaulere yothandiza ana, apitenso ku Social Welfare kapena ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi.

Dayirekita uja akakulemberaninso mawa kuti mutumiza liti, muyankheni mwaulemu kuti amayi anzanga apempha layisensi ya chaka chino, akaunti ya bungwe ndi malo amene nyumbayo ili chifukwa mlamu wathu akufuna adzakuoneni, kenako mukhale chete muone chimene abwere nacho. Mudzandilemberenso mundiuze zimene mlamuyo akapeze kukhitchini.